Wezulo wa a Telala

Chigayo anasewera ragibi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Dzinali anamupatsa ndi anthu oonerera, ati chifukwa aliyense wolowa m'manja mwake ankatulukamo ali ufa. Ntchito yake yeniyeni inali yowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo m'kashedi kamalata kuseri kwa sitolo ya matayala, koma mukacheza naye sankayamba ndi za mageti. Ankayamba wakuonetsani makutu ake, omwe anapindika ngati bowa wouma chifukwa chokhuzika pakati pa anthu okankhana, kenako n'kukuuzani za molo.

Molo imayamba pamene wonyamula mpira wagwidwa ndi mdani ali chiimire, mnzake n'kubwera kudzamugwira, ena n'kuunjikana kumbuyo kwawo, gulu lonse n'kumakankhana mpira uli m'manja. Kwa munthu woonera patali zimangokhala ngati ng'ombe zikulimbirana khomo la khola. Kwa Chigayo m'menemo munali kwawo. Ankati akalowa m'kati amadziwa amene watopa pongomva kapumidwe kake.

Bondo lakumanja litayamba kumuvuta, mnzake wakalekale, amene ankasewera naye timu imodzi ndipo tsopano anali ndi malo ometera tsitsi, anamuuza kuti bungwe loyendetsa masewerowa likufuna oyimbira atsopano. Maphunziro anali a Loweruka anayi, kenako mayeso.

"Iwe ndiye ukungopita kukatenga pepala basi," anatero Wometa akumupala m'khosi. "Akakuphunzitsa chiyani? Molo unaiyamwira."

Vuto linali buku la malamulo. Zilembo zake zinali ngati nyerere, ndipo maso a Chigayo anali atadyedwa ndi moto wowotcherera. Akawerenga tsamba limodzi misozi inkayamba kutsika. Choncho masana aliwonse ankapita ku chipinda chakumaso kwa nyumba yawo, kumene mkazi wake ankasokera, kuti azikamuwerengera iye akudya.

Mkazi wakeyo aliyense ankangowatchula kuti a Telala. Pa zaka makumi awiri za ukwati wawo anapita ku bwalo kawiri kokha, ndipo maulendo onse awiri ankangoyang'ana majezi akung'ambika, podziwa kuti Lolemba afika pa tebulo lawo. Bukulo ankaliwerenga ngati mmene amawerengera miyeso ya kasitomala: pang'onopang'ono, chala chili pa mzere, mapini ali pakamwa.

"Ndiye abambo, munthu akafuna kulowa m'molomo alowere pati?"

"Paliponse pomwe waona mpata."

"Bukuli likukana. Likuti alowere kumbuyo, kuseri kwa phazi la mnzake womalizira, ndipo amugwire ndi mkono wonse, kuyambira dzanja mpaka phewa. Akalowera m'mbali ndi penate."

"Zimenezo n'za m'buku."

"Nanga mayesowo achokera kuti? M'makutu mwanumo?"

Chigayo ankaseka. Masiku amenewo zinkamusangalatsa kuona mkazi wake akukhuthula mabatani pa tebulo lodulira nsalu, akuda uku, oyera uku, kabatani kofiira n'kukhala mpira, n'kumawakankha ndi lumo akudzifunsa okha mafunso. Ankauza anzake kuti kunyumba kwake kwabuka misala yatsopano.

Loweruka lachitatu kunagwa mvula. A Telala anapita m'tauni kukagula ulusi ndi mazipi, ndipo pobwerera anathawira mvulayo pa sukulu pomwe pankachitikira maphunziro, n'kukhala pa desiki yakumbuyo, jumbo ili pamiyendo. Mphunzitsi wa oyimbira anali mdala wowonda wotsimphina, wezulo wake atamangirira ku chingwe cha nsapato.

"Molo yaima," anatero mdalayo. "Mwawachenjeza kuti autulutse mpira, sukutuluka. Mwaimba. Sikiramu, kukankhana koyambitsiranso masewero kuja, mupereka kwa ndani?"

Chigayo sanadikire n'komwe kuti alozedwe. "Kwa amene amakankha kupita kutsogolo!"

"Tsobola wakale ameneyo, bambo, anasiya kuwawa. Wina?"

Kenako mawu anachokera kumbuyo, otsika, ngati munthu akulankhula ndi makina ake.

"Kwa amene sanalowe nawo mpira. Amene analowa nawo aja alephera kuugwiritsa ntchito, ndiye awuluza. Pokhapokha ngati munthuyo anachita kuwakha mpira womenyedwa ndi adani n'kugwidwa pomwepo. Apo ukhalabe wawo."

Amuna khumi ndi atatu anatembenuka. Mphunzitsi anavula magalasi.

"Mayi, ndinu ndani inu?"

"Ndine mkazi wa awa," anatero a Telala akuloza ndi chibwano. "Ndangothawa mvula."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Chigayo anaseka nawo, koma kunali kuseka kwa mano okha. Mphunzitsi anawafunsanso a Telala mafunso ena anayi, onse anayankha, ndipo pomaliza anawapempha kuti adzalembe nawo mayeso. Panjira yobwerera kunyumba Chigayo ankayenda patsogolo ndi ambulera, osaona kuti mkazi wake akunyowa phewa.

Zotsatira anazimata pa chitseko cha kalasi yomweyo. Dzina la a Telala linali pamwamba penipeni. La Chigayo linali pansi pa mzere wofiira, pamodzi ndi la munthu wina amene anabwera kumayeso ataledzera. Analiyang'ana nthawi yaitali, akupukuta m'maso ngati vuto ndi la maso.

"Mwachita bwino, mayi," anatero.

"Mudzalembanso chaka chamawa. Mwangotsala pang'ono."

"Ndani wanena kuti ndikufuna kulembanso?"

Kuyambira pamenepo chilichonse cha mkazi wake chinayamba kumubaya. A Telala anadzisokera malaya achikasu ndi kabudula wakuda, zonse zowakhala ngati anabadwa nazo, ndipo Chigayo anati mtunduwo ndi wa anthu okonza misewu. A Telala anayamba kuthamanga m'mawa uliwonse kuzungulira bwalo la sukulu, Chigayo n'kumati chitseko akuchimenyetsa dala potuluka. Akamva wezulo akuyesedwa kuseri kwa nyumba, ankakweza wailesi mpaka mawindo kunjenjemera. A Telala anayamba kuyimbira masewero a ana asukulu, kenako a matimu ang'onoang'ono, ndipo Chigayo sanapiteko ngakhale kamodzi. Loweruka lililonse ankapeza geti lofunika kumalizidwa msanga.

Osewera a timu yake yakale, amene kale ankabwera ku shedi kudzakhala pa zitsulo n'kumamufunsa za molo, tsopano ankangomupatsa moni wapamsewu n'kupitirira kunyumba kwake. Tsiku lina anawapeza atatu, zimphona zokhazokha, atapanikizana pa benchi la makasitomala pakati pa madiresi a ukwati, akumvetsera a Telala akuwafotokozera kuti mpira uziyenda dzanja ndi dzanja kupita kumbuyo kwa molo, osati munthu kutsetsereka nawo yekha anzake akumutchingira kutsogolo. Palibe amene anamufunsa kanthu. Mmodzi anangosuntha miyendo kuti adutse.

Koma chomwe chinamutsamwa kwenikweni chinachitika ku sitolo ya zitsulo. Wogulitsa watsopano anamuyang'anitsitsa n'kumwetulira.

"Ndakudziwani! Si inu amuna awo a mayi oyimbira aja?"

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mano awiri, makutu onse awiri ndi bondo. Chigayo anasiya ndodo zowotcherera pa kauntala n'kukagula kwina, mtunda wa theka la ola.

Atamudandaulira Wometa, mnzakeyo anaseka mpaka kuzimitsa makina.

"Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, achimwene. Tandiuza, ukachedwa kubwera kunyumba amakuonetsa lachikasu kapena lofiira?"

Chaka chilichonse osewera akale a timu ya Chigayo ankakumana ndi akale anzawo a timu ya ogwira ntchito ku njanji. Anali masewero a mimba ndi zipara, koma anthu ankadzaza bwalo, chifukwa chidani cha matimu awiriwa sichinkakalamba. Chaka chimenecho woyimbira amene anasankhidwa anathyoka mwendo kutatsala masiku atatu, ndipo bungwe linatumiza uthenga kwa a Telala.

"Ngati zikuvutani ndikana," anatero a Telala madzulo ake akusita malaya achikasu aja.

"Zindivute chifukwa chiyani? Ine ndikasewera mpira wanga. Inu mukaimbe kanthu kanuko."

Tsikulo kunatentha, fumbi likuuluka pa bwalo. Chigawo choyamba chinatha bwino. Chigayo anayesetsa kusayang'ana kumene kunali mkazi wake, komabe ankamva mawu awo paliponse, akuthwa, osanjenjemera: "Imeneyo ndi molo! Bwererani kumbuyo! Utulutseni!" Ndipo madoda aimvi, ena mabwana kuntchito kwawo, ankamvera ngati ana a sukulu ya mkaka.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, a njanji anapeza mpira woponya kuchokera kumbali, masitepe asanu okha kufika pa mzere wogoletsera. Anauwakha, anaunjikana, n'kuyamba kukankha. Chigayo analowetsa phewa, koma anamva kuti anzake kumbuyo alibe mphamvu. Mapazi ankangokwekwereka m'fumbi. Masitepe anayi. Atatu. Pamenepo anachita chimene anachita kambirimbiri pa moyo wake osagwidwa: anatsitsa dzanja mwakachetechete, anakola mwendo wa munthu wakutsogolo kuseri kwa bondo, n'kudzigwetsa nawo. Gulu lonse linagwa ngati khoma lonyowa.

Wezulo analira nthawi yomweyo. Pomwe Chigayo amadzuka pansi pa mulu wa anthu, a Telala anali atathamangira kale pakati pa mapolo, dzanja lili m'mwamba. Kenako anabwerera.

"Nambala folo, bwerani kuno."

Chigayo, mwini nambalayo, anapita akupukuta fumbi kumaso.

"Mwagwetsa molo mwadala. Ndaona dzanja lanu lamanzere. Mukanapanda kutero akanagoletsa, ndiye chigolicho ndawapatsa. Inu kapumeni mphindi khumi."

"Mayi, tamverani..."

"Mayi mwawasiya kunyumba. Tulukani."

Khadi lachikasu linakwera m'mwamba. Phokoso lomwe linabuka pa bwalopo Chigayo anali asanalimvepo ngakhale tsiku lomwe anatenga chikho. Azimayi ankaimba nthungululu. Wina anakuwa kuti, "Lero ukagona pakhonde!" Ngakhale anzake a timu imodzi ankabisa nkhope m'majezi, mapewa akugwedezeka.

Anakakhala pa kreti m'mbali mwa bwalo, thukuta likuyenderera m'makutu.

Patapita mphindi zisanu molo ina inayamba pafupi ndi pomwe anakhala. Inkayenda pang'onopang'ono, ndipo a Telala anaima masitepe awiri kumanja kwake, atawerama, akufunafuna pomwe pali mpira. Chigayo sankayang'ana mpira. Ankayang'ana mapazi. Anaona kuti a njanji akumanzere ayamba kuponda timasitepe tifupitifupi tamphamvu, pomwe Wometa, amene anatchinga mbali inayo, miyendo yake inali itawongoka, zidendene zili m'mwamba. Munthu ameneyo anali atatha. Moloyo inali pafupi kuzungulira n'kukhuthukira kumanja, pomwe panaima mkazi wake.

Nthawi inalipo. Mawu a Chigayo ankamveka mpaka kumsewu waukulu, ndipo kungoti "Mayi, thawani!" kukanakwana. Anatsegula pakamwa. Mumtima mwake china chinati, buku lija liwauze. Anatseka.

Moloyo inazungulira ngati chitseko chokankhidwa ndi mphepo. Malaya achikasu anasowa pansi pa anthu asanu ndi mmodzi.

Chigayo anapezeka ali chiimire, kreti itagubuduka. Anthu atachotsedwa, a Telala anakhala tsonga, mlomo ukutuluka magazi, dzanja lamanja ataligwirira pachifuwa. Analavula, anatola wezulo ndi dzanja lamanzere, n'kufunsa ngati osewera onse ali bwino. Anayimbira mpaka mapeto. Potuluka, anthu anaimirira kuwaombera m'manja, ndipo Chigayo, ngakhale anali ndi manyazi, anamvabe kanthu kena kakumuluma: iye anatulukapo pa bwalo limenelo nthiti ziwiri zitathyoka, koma palibe anaimirira.

Kuchipatala anati fupa silinathyoke, koma dzanjalo lisagwire lumo milungu itatu. Pa tebulo panali mulu wa mayunifolomu a sukulu. Lolemba Chigayo sanatsegule shedi. Anakhala m'chipinda chosokera akudula nsalu motsatira choko chomwe mkazi wake ankalemba ndi dzanja lamanzere. Manja ake ozolowera chitsulo ankadula mokhotakhota, koma a Telala sanadandaule. Ankangoti, "Pang'onopang'ono, abambo, si ngolo imeneyo." Kukoma mtima kumeneko n'kumene kunamulemera.

"Ndinaona," anatero mwadzidzidzi, maso ali pa nsalu.

"Munaona chiyani?"

"Kuti ikhotera kwa inu. Ndinaona isanakhote."

A Telala anaika choko pansi.

"Nthawi yokuwa inalipo?"

"Inalipo."

"Ndiye?"

Panja munthu wogulitsa matsache anadutsa akuitanira malonda ake, mawu ake n'kuzilala kumapeto kwa msewu.

"Zaka makumi awiri," anatero a Telala motsitsa mawu. "Ndachapa magazi anu m'majezi. Ndakuthowani bondo limenelo mpaka manja anga kuchita matuza. Anthu akamati uyo mkazi wa Chigayo, ine ndinkayenda ngati ndavala nsapato zatsopano. Sindinafunsepo kuti nanga langa dzina lili kuti. Inu miyezi isanu yokha yakukanikani?"

"Mayi, ine..."

"Ikani lumolo. Tulukani. Ndiitana mng'ono wanga adzandidulire."

Masiku asanu ndi limodzi m'nyumbamo munalibe mawu opitirira "madzi atha" ndi "kiyi ali pawindo". Mlamu wake atabwera kudzadula nsalu, ankamudutsa Chigayo ngati mpando. Iye ankapita ku shedi m'mamawa n'kumawotcherera zinthu zomwe palibe anamutuma. Anaganizapo zopepesa mwa njira zosiyanasiyana, koma iliyonse akaiyeseza pakamwa inkamveka ngati akudziikira kumbuyo.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, akugogoda geti, anaona chithunzithunzi pakhomo la shedi. Anakweza chigoba chakumaso. Anali a Telala, dzanja lili m'bandeji.

"Musasokoneze, sindinakukhululukireni," anatero. "Ndabwera kudzafunsa. Munadziwa bwanji?"

Chigayo anazimitsa makina. Anayamba kufotokoza za timasitepe tifupitifupi, za zidendene, za msana wa munthu amene watopa. Anatenga zidutswa za chitsulo kuti asonyeze, koma zinangomusokoneza. A Telala ankamvetsera atakwinya nkhope.

"M'buku mulibe zimenezo."

"Mulibe," anatero Chigayo, ndipo anadzimvera yekha chisoni kuti mawuwo amukomera chotere. "Sizinenedwa bwinobwino. Umazimva uli m'kati. Mbali imodzi imayamba kupepuka, ngati mukanyamula kabati anthu awiri wina n'kuyamba kutopa."

"Ndiye mundilowetsemo."

"M'molo?"

"Nanga m'kabati? Mwezi wamawa andipatsa masewero a matimu akuluakulu. Kumeneko akandiponda sindikadzukanso."

Mawu oti matimu akuluakulu anamubayanso pomwe paja, koma anameza.

Bandeji itachoka, Lachinayi lina dzuwa litapendeka, Chigayo anasonkhanitsa madoda asanu ndi awiri a timu yake pa bwalo la sukulu. Anawauza kuti akankhana pang'onopang'ono, ngati akuyenda ndi wodwala, ndipo amene aponde phazi la mkazi wake adzafotokoza bwino. A Telala anavala jezi yakale ya mwamuna wawo, yofika m'mawondo, n'kunyamula mpira. Chigayo anaima panja kuti azilamula.

"Gwiranani!"

Anagwirana. Apa m'pamene Chigayo anaona chinthu chomwe pa zaka zake zonse za ragibi anali asanachiganizirepo. Mkazi wake anali pakati pa amuna asanu ndi awiri. Wina phewa lili m'nthiti mwawo, wina mutu uli m'khwapa, ndipo Wometa, mnzake wa pamtima, mkono wake wonse unali utazungulira m'chiuno mwawo.

"Kankhani kumanzere," anatero ndi mawu ouma.

Gululo linasuntha, n'kuyamba kuzungulira pang'onopang'ono. M'kati munamveka kufuula kwa chisangalalo.

"Ndayimva! Abambo, ndayimva! Uku kwapepuka! Bwerezani!"

Anabwereza kanayi. Ulendo wachisanu a Telala ndi amene ankanena mbali yomwe ikhotere isanakhote, ndipo madoda aja ankawayamikira m'katimo, ati mayiwa akanayamba kale bwenzi ena ife tilibe malo m'timu. Chigayo ankazungulira gululo ngati galu amene watsekeredwa kunja.

"Iwe Wometa," anatero pomaliza, "dzanja lakolo likwere m'mwamba pang'ono."

"Ndagwira mwalamulo, achimwene."

"Ndati likwere. Kapena ulichotse kumene."

"Akalichotsa ndiye kuti sanagwire," anayankha a Telala kuchokera pansi pa khwapa la munthu, mawu akumveka ngati ali m'mgolo. "Imeneyo ndi penate."

Madoda anaseka mpaka molo inamasuka yokha. Chigayo sanaseke. Anavula wotchi n'kuiika pa udzu, anamugwira Wometa pa kolala n'kumukokera kunja ngati thumba, kenako anawerama, bondo likulira, n'kulowa yekha pamalopo.

"Mwalowera m'mbali," anatero a Telala.

"Ndikudziwa. Kankhani."